Ulusi Wofiira pa Botolo la Mafuta

Mayi Sikelo ananyamula botolo la mafuta ophikira n'kulilozetsa kuzenera, diso limodzi atatsinzina ngati mmisiri woyeza khoma. Pamimba pa botololo panali ulusi wofiira. Madzulo alionse akatha kuphika ankaumanga pomwe mafuta alekezera, ndipo m'mawa ankabwera kudzaona ngati ulusi ndi mafuta agona mogwirizana. Tsiku limeneli, Lachiwiri, ulusi unali pomwe anausiya. Mafuta ndiwo anali atatsika, chala chathunthu.

"Apongozi," anaitana osatembenuka. "Tabwerani mundibwereke maso, angawa akalamba."

Kamoto, mkazi wa mwana wawo, anali pakhomo akuvala kuti azipita ku hotela komwe ankagwira ntchito yochapa ndi kusita. Analowa nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja.

"Mukuona chiyani apa?"

"Ndikuona botolo, amayi."

"Botolo ndikuliona nanenso. Ndikufunsa za mafuta."

"Atsika."

"Atsika okha? Amera miyendo usiku?"

"Dzulo ndinaphika ndi masipuni awiri omwe munandiyezera nokha," anatero Kamoto, mawu akuyamba kukwera. "Ulusi munamanga ine ndikuona. Ngati mukuti ndaba, nenani kuti ndaba, musandizungulire ngati ntchentche."

"Ine sindinatchule kuba. Mwatchula ndinu."

Pakhonde, makina osokera a Atelala, amuna awo a Mayi Sikelo, omwe ankalira pang'onopang'ono, anayamba kuthamanga ngati akuthawa galu.

Munthu wa kumtunda akamva kuti umakhala m'mbali mwa nyanja yamchere amayesa umadya nsomba mpaka kutaya. Bodza lenileni. M'katauni kameneka nsomba zabwino zinkatsika m'boti n'kukwera malole a madzi oundana eni ake a gombe asanazione n'komwe, ndipo zotsala zinkapita kumahotela kukadyedwa ndi alendo obwera kudzaothera dzuwa. Anthu obadwira pomwepo ankalimbirana mitu ndi michira. Zina zonse, sopo, shuga, machesi, mafuta, zinkabwera pa msewu umodzi wokhotakhota wodutsa m'mapiri, ndipo zinkaoneka ngati phiri lililonse limaonjezera mtengo wake. Madzi akumwa ankagula pa ndowa, nyanja yonse ili pamphuno. Ngakhale mphepo inali ndi msonkho wake: inkabwera ndi mchere n'kumadya malata, maloko, misomali, chilichonse chachitsulo. Mafuta ophikira okha anali atakwera mtengo katatu chaka chisanafike pakati, malipiro a anthu ali chigonere.

Mayi Sikelo dzinali sanalipeze mwangozi. Sopo wamtanda ankamudula ndi ulusi zidutswa zisanu ndi chimodzi zofanana ngati mapasa. Shuga ankamuyeza ndi chotsekera cha botolo. Koma tinene zoona, sanali munthu wouma mtima. Ndi kuyeza komweko analera ana anayi m'tauni yomwe imameza malipiro tsiku lomwe wawalandira, ndipo palibe mwana wawo anagonapo ndi njala. Kamoto atadwala malungo mwezi woyamba wa ukwati wake, anali iwo omwe anamubereka kumsana mpaka kumsewu, akumukalipira njira yonse kuti n'chifukwa chiyani sananene msanga.

Kamoto naye dzinali anamupatsa ndi Atelala, mlungu womwe anafika pakhomopo, atamuona akukalipira wogulitsa nsomba yemwe ankakanikiza sikelo ndi chala chachikulu. "Mwana wathu watibweretsera kamoto," anatero akuseka, "tisamaike palafini pafupi." Mwamuna wake ankagwira ntchito m'sitima yonyamula katundu, ndipo ankabwera kamodzi pa miyezi itatu. Malipiro ake a ku hotela Kamoto ankawatula m'manja mwa apongozi ake osachotsako ngakhale ya mafuta odzola. N'chifukwa chake nkhani ya botoloyi inkamuwawa ngati munga wa m'chikhadabo.

Mayi Sikelo anaika botolo pashelefu pang'onopang'ono.

"Kachitatu aka," anatero. "Ine sindikuthamangitsa munthu. Koma nyumba ino singathe kudyetsa pakamwa pobisika. Akadzatsikanso, mukayambe mwakhala kwanu, mukadikire amuna anu kumeneko. Akabwera tidzakambirana."

Kamoto anavala nsapato inayo n'kutuluka. Podutsa pakhonde Atelala sanadzutse mutu. Anali ataweramira maepuloni oyera a ku hotela, makumi anayi, ntchito yomwe Kamoto yemweyo anawapezera pochonderera bwana wa kukhitchini, ndipo inkafunika Lachisanu.

"Muyende bwino, a Kamoto," anatero chapansipansi, akulankhula ndi singano.

Masana atawerukako, Kamoto anatenga ndowa n'kupita kumpopi. Mzere unali wautali monga mwa masiku onse. Mayi wolandira ndalama pampopipo anthu ankamutcha Wailesi, chifukwa nkhani ikamufika m'mawa, pofika madzulo inkakhala itamveka mpaka kudoko.

"Afika a bizinesi!" anakuwa Wailesi. "Tamva mwatsegula golosale. Sipuni imodzi ya mafuta mukuchita bwanji? Ine mundichotsereko, ndine kasitomala wakale."

Amayi a pamzere anaseka. Kamoto anaponya ndowa pansi mpaka inadumpha.

"Amene anandiona ndikugulitsa mafuta aime apa. Aime apa ndimuone nkhope!"

"Aaa, mwakwiya? Ife tangomva."

"Kwa ndani?"

"Apongozi anu omwe amadandaula pompano m'mawa. Dzina sanatchule, ayi. Koma m'nyumba mwanu muli anthu atatu, ndipo awiriwo akhala limodzi zaka makumi atatu botolo lisanadwalepo."

Kamoto anatunga madzi ake n'kunyamuka. Pobwerera theka la ndowa linathera panjira chifukwa cha mayendedwe ake, madzi ogula amenewo.

M'mawa uliwonse kukangoyera, Mayi Sikelo ankapita kugombe kukachingamira maboti, kuti apeze mitu ya nsomba malole asanafike. Nthawi yomweyo ndiyo Kamoto ankasamba. Lachitatu analowa m'bafa monga mwa nthawi zonse, anakhuthulira makapu atatu a madzi pansi kuti amveke, kenako anatuluka opanda nsapato n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha sikunali mphatso yake.

Anasuzumira pazenera la khitchini. Atelala anali ataima pashelefu atavala vesiti, magalasi ali pansonga ya mphuno. Dzanja lina linagwira kachitini kawo ka mlomo wautali kothirira makina. Anali atapinda pepala ngati fanelo, ndipo ankathira mafuta ophikira m'kachitinimo mosamala, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba.

"Abambo!"

Mkuluyo anadzidzimuka mpaka botolo linatsala pang'ono kugwa. Kamoto anali atalowa kale, manja m'chiuno.

"A Kamoto... mwasamba kale?"

"Ndinu? Masiku onsewa ndinu? Ine ndikutukwanidwa pampopi, inu mukupalasa makina pakhonde ngati simukumva?"

"Tsitsani mawu, mwana wanga, anthu amva."

"Amve! Zanga anamva kale!"

Atelala anakhala pampando wa m'khitchini ngati thumba lotsitsidwa pa lole. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi vesiti, ngakhale anali oyera kale. Kenako anadzuka, anamukodola, n'kupita naye pomwe makina ankagona usiku, atafundidwa bulangete lakale. Anavundukula.

"Taonani apa," analoza pansi pa gudumu, pomwe utoto wakuda unali utatukuka n'kutulutsa zofiirira. "Dzimbiri. Mphepo ya kunoyi ikapeza chitsulo chouma imachinyambita usiku umodzi. Makinawa akapanda kumwa mafuta m'mawa, pofika masana amalira ngati chitseko cha kumanda. Kale kabotolo ka mafuta a makina kankagulidwa ndi chenji. Mwezi watha ndapita kusitolo, mtengo wake ndi wa ndiwo za masiku anayi. Ndinangoti zikomo, n'kutuluka chambuyo."

"Bwanji osawauza amayi?"

"Amayi anu?" Anaseka kuseka kopanda mano. "Chaka chatha lamba atadukanso anandiuza kuti makinawa akudya kuposa zomwe akubweretsa, anthu akuvala za kaunjika, tigulitse tikhomere malata. Ndikapita kukapempha ndalama ya mafuta, nkhani ija idzuka. Makinawa ndinawagula ndisanakwatire amayi anu. Diresi lawo la ukwati linatuluka pansi pa singano iyi. Mwamuna wanu yunifolomu yake yoyamba..." Anasisita gudumu ngati mutu wa mwana. "Ndinayamba ndi timadontho, osaoneka. Ndi maepuloni anuwa omwe akulitsa ludzu."

Mkwiyo wa Kamoto unachita ngati mkaka womwe wauzira uli pafupi kusefukira. Unatsika, koma moto unali ukadali pansi.

"Ndiye ine ndikhale wakuba kuti makina anu akhale ndi moyo?"

"Ayi, ayi."

"Ndipite kwathu ndi dzina limenelo? Bambo anga akandifunsa ndikati chiyani?"

"Mundipatse mpaka Lachisanu. Maepuloni akapita, akandilipira, ndigula mafuta a makina, ndidzaza botolo lawolo, ndipo ndinena ndi pakamwa panga. Ndikulumbira."

"Ine sindikunenerani," anatero Kamoto. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma Lachisanu likadutsa, abambo, musadzandione ngati mwana wopanda ulemu." Anaweramira makinawo n'kununkhiza. "Ndiponso mafuta ophikira si a chitsulo. Ine ndimachapa nsanza za kukhitchini ya ku hotela. Akakhalitsa amamata ngati ulimbo."

"Aaa, mafuta ndi mafuta. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili pa makina, mundiphunzitse ndinu?"

"Chabwino. Nanga a lerowa? Atsika kale."

Atelala anayang'ana botolo, anayang'ana pakhomo. Mfundo ya akazi awo ankaiopa kuposa wapolisi, ndipo masiku onsewo anali asanaikhudzepo. Koma tsikulo anaimasula ndi nsonga ya singano, anatsitsa ulusi kufika pomwe mafuta analekezera, n'kumanganso mwaluso, kamfundo kakang'ono kosalala, nsonga zake atazidula ndi sizasi.

Mayi Sikelo atabwera ndi mitu itatu ya nsomba m'beseni, ananyamula botolo n'kulilozetsa kuzenera. Analiyang'ana nthawi yaitali kuposa masiku onse. Analitembenuza. Kenako analibwezera pashelefu. Kamoto anapita kuntchito akuganiza kuti apulumuka.

Lachinayi anaweruka masana n'kupeza pakhonde pali zii. Atelala anali atagwada pansi thukuta lili kamukamu, akukankha gudumu ndi manja onse awiri. Gudumu linkayenda pang'ono n'kuima, ngati ng'ombe yokana goli. Mzere wa nyerere unachokera pakona ya khonde, kukwera mwendo wa makina, kudutsa pa thebulo, n'kukalowa m'kabowo kothirira mafuta, ina ikutuluka itakhuta. Pa epuloni yomwe inali pansi pa singano panali dontho lachikasu, lalikulu ngati chikhadabo. Maepuloni khumi ndi awiri anali asanasokedwe.

"A Kamoto," ananong'ona, "agwira."

Asanayankhe, Mayi Sikelo anatulukira pakhomo akupukuta manja. Anayang'ana nyerere. Anapaka chala pa chitsulo chonyamula singano, chala chinamata. Anachinunkhiza.

"Bambo, makina anu akununkha ngati chiwaya changa. Mwayamba kukazinga maepuloni?"

"Ndi... ndi chinyezi, mayi. Mphepo ya masiku ano."

"Ooo. Chinyezi." Anagwedeza mutu. "Ndipo nyererezi zabwera kudzaphunzira kusoka."

Atelala ankangokanda dzimbiri ndi chikhadabo. Mayi Sikelo anawadikira. Galimoto ya alendo inadutsa mumsewu, nyimbo zikugunda, fumbi n'kukhazikika.

Mayi Sikelo anatembenukira kwa Kamoto.

"Apongozi, dzulo mafuta anatsikanso, ndipo wina anasuntha ulusi wanga kuti andipusitse. Ndinanena kale mawu anga. Basi ya kwanu imanyamuka m'mawa. Kalongedzeni."

Mawu onse anali okonzeka pa lilime la Kamoto, atafola ngati nyerere zija. Anayang'ana Atelala. Mkuluyo anali chigwadire, imvi zitanyowa ndi thukuta, dzanja lili pa gudumu lakufa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kamoto anawameza mawuwo.

"Ndipita," anatero. "Koma sindinabe."

Analowa kuchipinda, anakoka sutikesi pansi pa bedi, n'kuyamba kuponyamo zovala osapinda. Misozi inkagwera momwemo, ndipo inkamukwiyitsa kwambiri chifukwa sanaiitane.

"Mayi!" Mawu a Atelala anamveka panja, okwera kuposa momwe Kamoto anawamverapo. "Musiyeni mwanayo. Ndine. Ndakhala ndikuthira mafuta anu m'makina mwezi wathunthu. Ulusi ndinasuntha ndine. Iye anandipeza dzulo, ndinamupempha kuti asanene. Ngati pali wokwera basi, ndine."

Kamoto anatuluka bulauzi ili m'manja. Mayi Sikelo anali atakhala pa mpando wa makasitomala, manja pamiyendo, nkhope ili phee.

"Mwatenga nthawi," anatero. "Ndimayesa pakamwa panunso pachita dzimbiri."

"Mumadziwa?"

"Kuyambira dzulo. Ine ndimamanga mfundo ya pathumba la makala. Dzulo ndapeza kamfundo kosalala, nsonga zodula ndi sizasi. Zaka makumi atatu ndavala mfundo zanu pathupi langa, bambo, ndingaisokoneze ndi ya munthu wina? Wakuba wanzeru akanamanga moipa. Inu ngakhale pobisa mlandu mukufuna anthu ayamikire ntchito."

Atelala anayesa kuseka. Koma Kamoto sanaseke.

"Ndiye mumadziwa," anatero, "n'kundiuza kuti ndikalongedze?"

"Ndimafuna awa alankhule okha."

"Ndine nyambo ine? Yoika pa mbedza kuti mugwire nsomba yanu? Amayi, ine ndimakulemekezani ngati amene anandibala. Ndalama yanga yonse imalowa m'manja mwanu, sindifunsa. Mwandiganizira kuba katatu osandifunsa bwinobwino ngakhale kamodzi, chifukwa ndine wobwera. Abambo simunawaganizire, chifukwa ndi anu. Pampopi akunditcha wa golosale. Mafuta mugula ena. Dzina langa mukaligula sitolo iti?"

"A Kamoto, pepani, tsitsani..." anayamba Atelala.

"Inu khalani chete, bambo," anatero Mayi Sikelo. "Mwakhala chete mwezi wonse, pitirizani."

Panalibe munthu pakhomopo, ngakhale ana awo obereka, yemwe anawalankhulapo Mayi Sikelo ngati momwe Kamoto anachitira. Anayang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuyeza.

"Dzina langa munalitaya pampopi," anamaliza Kamoto, tsopano motsitsa. "Mukalitole komweko. Apo ayi, basi ija ndikwera ndithu, osati chifukwa mwandithamangitsa."

Mayi Sikelo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Kamoto anaganiza kuti zatha, wapsereza zonse ndi pakamwa pake monga ankanenera mayi ake omubala. Koma patapita kanthawi Mayi Sikelo anatuluka atanyamula botolo la palafini wa nyale, mswachi wakale ndi nsanza.

"Maepuloni akufunika mawa," anatero. "Milandu ili ndi nthawi yake. Bambo, masulani chilombo chanuchi."

Onse atatu anagwira ntchito masana onse. Atelala ankamasula tizitsulo n'kumatiika pa nyuzipepala motsatana kuti asaiwale malo ake. Kamoto ankativiika m'palafini n'kumatikwecha ndi mswachi, ndipo zomwe zinkatuluka zinali zakuda, zomata, zodzaza ndi mitembo ya nyerere. Mayi Sikelo ankathira palafini ndi chotsekera cha botolo, akuwerenga mokweza kuti wina amve kuwawa.

"Chachisanu ichi. Mlungu uno tigona ndi nkhuku."

"Mafuta ndi mafuta," anatero Kamoto osadzutsa mutu, akukweza kachitsulo komata kuti onse akaone.

"A Kamoto, munthu akagwa samupondanso."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi pa makina."

Mayi Sikelo anatsokomola kuti abise kuseka. Kenako anamasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo, anatulutsa ndalama yopindidwa kanayi n'kuiika pa thebulo la makina.

"Iyi inali ya botolo la mafuta la mwezi wamawa. Kaguleni a makina, enieni. Otsala m'botolomo akatha, tidya zowiritsa mpaka mwezi uthe, ndipo amene adzakwinye nkhope patebulo ndimudziwa."

Atelala anaiyang'ana ndalamayo osaigwira. "Ndimayesa munena kuti tigulitse."

"Ndinanena chaka chatha mvula ikundidonthera pabedi. Munthu akanyowa amalankhula zambiri. Ndikagulitsa makinawa, inu muzikhala pati? Muzindiyang'ana ine kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Ndani angapirire zimenezo? Pitani sitolo isanatseke."

Mkuluyo anapita akuthamanga pang'ono, zomwe anthu a mumsewuwo anali asanazionepo. Kamoto anatenga epuloni yothimbirira ija, anapala choko chosokera n'kuwaza ufa wake pa dontholo, anaphimba ndi pepala lakhaki n'kudinda ndi simbi yotentha. Pepala linamwa mafuta. Anabwereza katatu, n'kuchapa ndi madzi otentha ndi kachidutswa ka sopo. Mayi Sikelo ankaonerera ali chiimire.

"Mwaphunzira kuti zimenezi?"

"Ku hotela. Alendo amadya ngati alibe pakamwa."

Makina atabwerera m'malo mwake n'kumwa mafuta enieni, gudumu linazungulira ndi chala chimodzi. Atelala anapalasa, ndipo phokoso lake linali lofewa ngati mvula yowaza pa udzu. Mayi Sikelo sanadikire kuti amve zambiri. Anatenga ndowa ziwiri, imodzi n'kupatsa Kamoto.

"Tiyeni."

"Madzi alipo, amayi. Ndinatunga m'mawa."

"Ndati tiyeni."

Kumpopi inali nthawi yomwe mzere umafika mpaka kumsewu. Mayi Sikelo anali asanatungepo madzi okha chibwerere mpongozi wawo, choncho anthu anatembenuka. Sanaime kumbuyo kwa mzere. Anapita kutsogolo, pafupi ndi Wailesi, anatembenuza ndowa yawo n'kuimenya katatu ndi chikhatho.

"Amayi, tandimverani. Wakuba mafuta kunyumba kwanga tamugwira."

Wailesi anatseka mpopi kuti amve bwino. Maso onse anapita kwa Kamoto.

"Musayang'ane uko. Wakubayo ali ndi imvi, amavala magalasi, ndipo ndinakwatiwa naye ndekha popanda wondikakamiza. Amamwetsa makina ake osokera."

Kuseka kunaphulika mpaka mayi wina anakhala pansi. Mayi Sikelo anadikira kuti kuthe, nkhope yosasintha.

"Sindinamalize. Mwana uyu ndinamunamizira. Ndinabwera pano ndi pakamwa panga n'kumupaka matope, iye alibe mlandu. Anadziwa wakubayo, n'kulola kukwera basi m'malo mochititsa manyazi apongozi ake aamuna. Ine ndimayeza chilichonse, koma apa sikelo yanga inanama." Anatembenukira kwa Kamoto, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamutche apongozi. "Mwana wanga, ndinakulakwira. Pepa."

Kamoto anali atakonza nkhope yolimba njira yonse, koma inamukanika. Anangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ndamva, amayi."

"Ndipo inu a Wailesi," anapitiriza Mayi Sikelo, "nkhani yoyamba ija munaiulutsa ulere. Iyi muiulutse kawiri, m'mawa ndi madzulo, ifike mpaka kudoko."

"Ine ndimangoseka naye," anatero Wailesi. "Si choncho, achemwali?"

"Ndowa ziwirizi mutithirire zaulere, tione ngati mumaseka," anayankha Kamoto.

Amayi a pamzere anakuwa kuvomereza, ndipo Wailesi, akung'ung'udza kuti amuphera bizinesi, anatsegula mpopi. Pobwerera Mayi Sikelo anayenda patsogolo, ndowa pamutu, osadontheza ngakhale dontho.

"Ziwiri zaulere," anatero ali panjira. "Iwe ukanabadwa kwa ine."

Maepuloni anapita Lachisanu, onse makumi anayi, ndipo bwana wa kukhitchini sanapeze pomwe panali dontho. Mafuta otsala m'botolo anatha Lamlungu. Kuyambira Lolemba mitu ya nsomba inkabwera patebulo yowiritsa, ndi mchere ndi tomato mmodzi, maso ali tong'o. Atelala ankadya akumwetulira mokakamiza, akazi awiri akuwayang'anitsitsa.

"Zikukoma, abambo?"

"Kwambiri, a Kamoto. Mafuta amawononga mtima, anatero adokotala."

Lachiwiri m'mawa Atelala anavundukula makina, anatsegula kabokosi ka pansi pa thebulo n'kutulutsa kabotolo kawo katsopano ka mafuta a makina. Pamimba pake panali ulusi wofiira, womangidwa ndendende pomwe mafuta alekezera. Anakweza magalasi n'kuyang'anitsitsa mfundoyo. Sinali ya pathumba la makala. Sinalinso yawo. Inali mfundo yachilendo, yokoka mwamphamvu, yomangidwa kawiri ndi munthu wopsa mtima.

Kukhitchini kunamveka akazi awiri akuseka. Atelala anapukusa mutu, anathira timadontho titatu, n'kuyamba kupalasa.